Kalata yotseguka kwa oyang'anira mizinda yathu: mita yanga mumaiona, koma paipi yophulika simuiona

Kwa olemekezeka nduna zoona za madzi, za mphamvu ndi za maboma aang'ono, mameya ndi akuluakulu a makhonsolo a mizinda, komanso atsogoleri a mabungwe ogawa madzi ndi magetsi,

Ndikupereka moni kwa nonsenu mwaulemu. Ndikudziwa kuti pa matebulo anu pali mulu wa makalata, ena olira mafuta, ena olira mankhwala m'zipatala, choncho ndikuthokozeranitu ngati mungapeze kamphindi kowerenga iyi. Ndailemba poyera mwadala kuti anzanga olipira mabilu aiwerenge nawo, ndipo amene akuona ngati ndanama anditsutse pagulu.

Ine ndine pulambala. Tsitsi langa layerera m'madenga ndi m'ngalande, ndikumanga matanki, kusintha mavalavu ndi kufunafuna pomwe madzi akuthawira. Si ine katswiri wa makompyuta, koma ndikudziwa mmene madzi otayika amamvekera ukagunditsa khutu pa paipi usiku.

Chimene chandilembetsa kalatayi n'chimene chinachitika kwathu mwezi wathawu. Paipi yaikulu inaphulika m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pomwe amayi amayala tomato ndi makala. Sinaphulike mochititsa mantha ayi. Tsiku loyamba panali kachinyontho chabe pa dothi. Lachiwiri kanasanduka kathawale. Pofika lachinayi ana anali akuyendetsapo timabwato ta mapepala, ndipo anyamata a kabaza anali atapeza potsukira njinga zawo ulere. Nthawi yonseyo kumtunda kwa dera lomwelo mipopi inali gwa, ukatsegula inkangopuma mpweya ngati munthu wodwala chifuwa. Amayi ankadzuka 3 koloko m'bandakucha ndi zigubu kukadikira madontho, ena n'kumakatunga pa kathawale komweko. Tinaimba foni, tinatumako munthu. Okonza anafika tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo ntchitoyo inangowatengera maola atatu. Anali anyamata aulemu, odziwa ntchito yawo. Nditawafunsa, anati iwo anauzidwa dzulo lake. Sindikuwaimba mlandu m'pang'ono pomwe.

Sabata yomweyo mayunitsi a magetsi anatha kunyumba kwanga ndili pakati pometa ndevu. Mita sinadikire masiku asanu ndi anayi. Inalira kawiri, magetsi n'kuthima. Ndinakhala mumdimamo ndi sopo kumaso n'kumaganiza: dziko lino lili ndi nzeru zowerengera yunitsi yanga yomaliza, nanga lilephera bwanji kudziwa kuti paipi yonenepa ngati ntchafu ikutaya madzi mumsewu kwa sabata yathunthu?

Dandaulo langa loyamba, ndiponso lalikulu, lili pamenepa. Tizipangizo tamakono tozindikira zinthu, timene amisiri amati masensa, tinafika kale kuno. Tili mu mita zolipiriratu za magetsi ndi za madzi. Tili m'makiyosiki a e-Madzi ku Lilongwe, komwe mayi amagunditsa khadi n'kutunga madzi olingana ndi ndalama zake. Zimenezi n'zabwino ndipo ndikuziyamikira. Koma mukaonetsetsa, pafupifupi tonse taikidwa kumbali yotolera ndalama kwa ife. Kumbali komwe chuma cha tonsefe chikutayikira kudakali mdima, mukudalirabe kuti munthu wodutsa aone, akhale ndi eyataimu, aimbe, wina ayankhe, uthenga ufike kwa woyenera.

Kwa zaka zambiri m'mizinda yathu ikuluikulu madzi opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi onse oyeretsedwa sabweretsa ndalama. Ena amabedwa ndi olumikiza mozemba, ena amawerengedwa molakwika ndi mita zokalamba, koma ochuluka amangolowa m'nthaka kudzera m'mapaipi otha. Taganizani za Blantyre. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike m'mipopi. Lita iliyonse yokwera phiri limenelo yadya magetsi, yadya mankhwala oyeretsera. Ikatayikira m'ngalande ku Ndirande kapena ku Bangwe, tataya madzi ndi magetsi omwe. Ku Lilongwe tikulimbana ndi kuteteza nkhalango ya Dzalanyama kuti madamu a Kamuzu asaphwe, ndipo tinakweza khoma la damu kuti lisunge madzi ambiri. Kodi si kutungira m'dengu kumeneku ngati kumapeto kwa paipi kuli mabowo amene sitikuwaona? Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Mundilole ndifotokoze mmene ntchitoyi imayendera, poti anthu ena akamva za mizinda yamakono amaganiza za maloboti ndi nyumba zagalasi. Mzinda umagawidwa m'timadera, kalikonse ka nyumba mazana angapo kapena zikwi zochepa. Pa paipi yolowera m'kadera kalikonse mumaika mita yaikulu ndi kasensa koyeza mphamvu ya madzi. Kachipangizoko kali ndi batire ndi simu khadi ngati ya m'foni, ndipo pakapita mphindi zingapo kamatumiza manambala ku ofesi. Chinsinsi chili usiku. Pakati pa 2 ndi 4 koloko anthu ambiri amakhala ali m'tulo, mipopi ili yotseka. Ngati nthawi imeneyo kadera kakumwabe madzi ochuluka, ndiye kuti pena pake pabooka. Manambala a usiku akadumpha mwadzidzidzi lero kusiyana ndi dzulo, kwaphulika paipi yatsopano, ndipo okonza angathe kunyamuka m'mawa womwewo madzi asanaonekere n'komwe pamwamba pa dothi. Kudontha kwambiri sikuonekera pamwamba konse, kumakhala pansi miyezi ndi miyezi.

Palinso nkhani ya mphamvu ya madzi. Usiku, pomwe palibe akutunga, mphamvu imakwera m'mapaipi, ndipo ndi nthawi imene mapaipi okalamba amang'ambika. Valavu yolumikizidwa ku sensa imatsitsa mphamvuyo usiku n'kuikwezanso m'mawa. Mapaipi amakhalitsa, kudontha kumachepa. Mainjiniya anu zonsezi amazidziwa kuposa ine, ndipo ndikudziwa kuti m'madera ena zinayambika. Funso langa n'lakuti bwanji sizinafike paliponse pomwe mita zolipiriratu zinafalikira mofulumira chonchi?

Musandiuze kuti izi n'za mayiko olemera. Mu 1993 mzinda wa Phnom Penh ku Cambodia, dziko limene linali litangotuluka kumene m'nkhondo, unkataya madzi okwana 72 pa 100 aliwonse. Bungwe lawo la madzi, motsogozedwa ndi Ek Sonn Chan, linaika mita paliponse, linagawa mzinda m'timadera toyezedwa, linakhazikitsa magulu okonza mapaipi usana ndi usiku, ndipo pasanathe zaka 20 kutayikako kunatsika kufika pa 6 pa 100 aliwonse kapena pafupi pamenepo. Abale athu okhala ku Cape Town akukumbukiranso chaka cha 2018, pomwe madamu anatsala pang'ono kuuma ndipo munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Khonsolo ya kumeneko inatsitsa mphamvu ya madzi dera ndi dera, ndipo sabata iliyonse inkalengeza poyera kuchuluka kwa madzi otsala m'madamu ndi amene mzinda wagwiritsa ntchito. Mlamu wanga wogwira ntchito ya m'munda kumeneko ankandiuza manambalawo pafoni ngati zigoli za mpira. Anthu anasunga madzi chifukwa ankaona okha pomwe zinthu zafika.

Dandaulo lachiwiri ndi nyumba za boma zenizenizo. Chaka chatha ndinaitanidwa pa ofesi ina ya boma, sinditchula dzina, kukaona chifukwa chake khoma lina linali kumera ndere. Nditakwera pamwamba ndinapeza thanki ikusefukira. Kampira koyandama kotsekera madzi kanali katabooka, kadzaza madzi n'kumira. Poona ndere ndi dzimbiri, madziwo anali atayenda chomwecho kwa miyezi. Mlonda anandiuza kuti phokoso la madziwo analizolowera, limamuthandiza kuti asagone. Kukonza kwake kunali kwa mtengo wa nkhuku ziwiri. Ndikutsika madzulo, anthu onse ataweruka, ndinadutsa m'khonde: mababu onse ali ngwee, makina oziziritsa mpweya akulira m'chipinda chopanda munthu, zenera lili pululu. Palibe amene amamva kuwawa chifukwa bilu yake salipira ndi iye. Timalipira ndife, kudzera m'misonkho, ndipo maofesi a boma akachedwa kulipira mabilu, mabungwe a madzi ndi magetsi amasowa ndalama zogulira mapaipi ndi matransifoma.

Mankhwala ake si odula. Pali kasensa kozindikira ngati m'chipinda muli munthu, kamene kamazimitsa nyali ndi makina oziziritsa pakapita mphindi zingapo popanda woyenda. Pali koyeza madzi m'thanki, kamene kamazimitsa pampu ikadzaza ndi kutumiza uthenga pafoni ikayamba kusefukira. Pali mita zing'onozing'ono zoika pa nsanjika iliyonse kapena dipatimenti iliyonse, kuti mkulu wa pamalopo aone kuti Loweruka ndi Lamlungu ofesi yake yadya magetsi angati mulibe munthu. M'zipatala muli mafiriji a katemera amene ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo kasensa kakang'ono kangathe kudzutsa namwino magetsi akathima usiku katemera asanaonongeke. Tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi a zigayo anakhala manja lende kwa maola ambiri patsiku. Dziko limene linadutsa m'zimenezo siliyenera kuziziritsa zipinda zopanda anthu.

Pano ndiikepo chenjezo la mmisiri. Sensa siikonza nyumba yomangidwa mopanda nzeru. Tayamba kukonda nyumba zagalasi lokhalokha loyang'ana kudzuwa, zopanda khonde, zopanda mtengo pabwalo, kenako n'kumadabwa kuti m'mwezi wa Okutobala mkati mukuotcha ngati uvuni wa njerwa. Makhonsolo povomereza mapulani aziyamba afunsa za mthunzi ndi mpweya, za masensa zibwere pambuyo.

Lachitatu ndi nyali za mumsewu, ndipo apa sinditaya nthawi. Tonse taonapo nyali zoyaka masana dzuwa lili paliwombo, ndi zina zozima usiku pomwe amayi ochokera ku msika akuzifuna. Kachipangizo kozindikira kuwala n'kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo. Nyali za sola zimene zadzalidwa m'misewu zingathenso kumatumiza uthenga batire ikafooka kapena bokosi lake likatsegulidwa ndi wakuba, m'malo mozindikira patapita miyezi kuti msewu wonse unasanduka mizati yopanda ntchito.

Lachinayi ndi lowawa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche anthu ambiri ali m'nyumba. Sindikunena kuti chenjezo kunalibe. A zanyengo analengeza pa wailesi masiku angapo namondweyo asanafike. Koma kumva kuti kuchigawo cha kumwera kugwa mvula yamphamvu n'kosiyana ndi kumva kuti inu a m'mphepete mwa mtsinje uwu tulukani tsopano lino. Sindikunamizaninso kuti kachipangizo kangalosere mphindi imene phiri ligumuke. Chimene kangathe ndi kuyeza mvula yogwa pamwamba pa phiri ola ndi ola, ndi kuyeza msinkhu wa madzi pa milatho ya kumtunda kwa Mudi, Naperi, Lingadzi kapena Lilongwe. Madzi akafika pa mlingo woopsa, belu lilire kumunsi, mafoni a mafumu, a m'makomiti a ngozi ndi a anthu wamba alandire uthenga m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Ngakhale mphindi 30 n'zokwana kubereka mwana kumbuyo ndi kudzutsa agogo. Akulu ankati chakudza sichiimba ng'oma, koma lero tili ndi mwayi woipachika tokha ng'omayo pa mlatho. Zida zoterezi zinaikidwa kale m'mitsinje ina ya m'maboma osefukira madzi. M'mizinda, momwe anthu athithikana m'mphepete mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri, n'zofunikanso chimodzimodzi.

Lachisanu likukhudza khalidwe lathu pa zinthu zogulidwa. Timadziwa kutsegulira. Pamakhala tenti, magule, nsalu zosindikizidwa, riboni n'kudulidwa. Pakatha chaka batire yafa, simu khadi yatsekedwa poti palibe anailipirira, amene anaphunzitsidwa kuyendetsa makinawo anasamutsidwa, ndipo nambala yachinsinsi yolowera mu kompyuta inapita ndi kampani yakunja imene kontirakiti yake inatha. Ndakwerapo pa matanki pomwe ndinapeza tizipangizo tabwinobwino, mawaya atadyedwa ndi makoswe, mavu atamanga chisa pa bokosi. Sensa yakufa ndi yoipa kuposa kusakhala nayo, chifukwa ku ofesi amaganiza kuti zonse zili bwino. Ndipo sensa yamoyo yopanda galimoto, mafuta ndi mmisiri woti athamangire uthenga wake ndi phokoso chabe. N'chifukwa chake sindikupemphani masensa a m'mabini a zinyalala amene ndimamva kuti mizinda ina ili nawo. Bini ya pamsika ikadzaza mphuno zathu zimatiuza. Chosowa pamenepo ndi lole.

Sindikupemphaninso makamera oyang'ana nkhope za anthu m'dzina la mzinda wamakono. Ndikupempha zoyezera madzi, magetsi, mvula ndi kutentha. Ngakhale mita ya panyumba imaulula zambiri, monga nthawi imene banja limadzuka ndi masiku amene pakhomo palibe munthu. Lamulo loteteza uthenga wa anthu linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo litsatidwe pa zimenezi.

Tsono, mabwana ndi madona, zopempha zanga ndi izi:

1. Bungwe lililonse mwa mabungwe asanu ogawa madzi ligawe mizinda ndi matauni ake m'timadera toyezedwa, liike mita ndi masensa olumikizidwa pa paipi yolowera m'kadera kalikonse, ndipo litiuze poyera chaka chimene ntchitoyi idzathere. Muyambire madera a anthu ochepekedwa ndi a kumtunda, komwe mipopi imayamba kuuma, osati kumayadi kokha komwe kuli matanki osungira.

2. Mwezi uliwonse mulengeze madzi amene mwapopa, amene mwagulitsa ndi amene atayika, dera ndi dera, komanso masiku amene paipi yophulika imatenga kuti ikonzedwe. Muziike pa intaneti, pa wailesi ndi pa zikwangwani za m'makiyosiki. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, musadikire kuti tichite kulemba makalata opempha.

3. Musanapemphe kukweza mtengo wa madzi, muyambe mwationetsa kuti kutayika kwatsika ndi zingati kuchokera pomwe munakwezera komaliza.

4. Boma liyambe ndi nyumba zake. Maofesi a ku Capital Hill, zipatala zazikulu, sukulu zogonera komweko, ndende ndi nyumba za makhonsolo ziikidwe mita za gawo ndi gawo, zozimitsa nyali zokha ndi zoyezera matanki. Pa malo aliwonse pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi udindo wake amene aziyankha za manambalawo, ndipo gawo la ndalama zopulumutsidwa lizitsala pamalopo kuti ogwira ntchito aone phindu lake.

5. Makhonsolo asavomereze pulani ya nyumba yaikulu ya malonda kapena ya maofesi yopanda zoyezera madzi ndi magetsi, ndi yopanda njira yolowetsera mpweya ndi kuwala kwachilengedwe.

6. Dzinja likudzali lisanafike, milatho ya kumtunda kwa mitsinje yodutsa m'mizinda ndi mapiri okhala anthu m'munsi mwake aikidwe zoyezera zolumikizidwa ku mabelu ndi mafoni. Anthu auzidwiretu kothawira, ndipo kuyeserera kuchitike kamodzi pachaka mvula isanayambe, belu lilire masana anthu alizolowere.

7. Tenda iliyonse ya zipangizozi ikhale ndi ndalama za mabatire, za simu khadi ndi zokonzera kwa zaka zosachepera zisanu, ndipo manambala onse ndi makiyi a makina akhale m'manja mwa bungwe lathu, osati a wogulitsa. Ophunzira a ku mayunivesite a MUBAS, MUST ndi Mzuni, pamodzi ndi amisiri ochokera m'sukulu za ntchito zamanja, apatsidwe mpata wopanga, kuika ndi kukonza zipangizozi. Ana athuwa amalumikiza kale tizipangizo totere pa mapulojekiti awo a kusukulu, kenako n'kukakhala pakhomo ndi digiri m'chikwama.

8. Pakhale nambala yaulere yochitira lipoti paipi yophulika kapena nyali yowonongeka, yopereka nambala ya dandaulo ndi kubweza uthenga ntchito ikatha. Maso a anthu akadali sensa yotchipa kuposa zonse, musawalipiritse eyataimu.

Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo sindiibisa. Amene amaba mabatire a nyali, kudula mawaya a kopa ndi kulumikiza madzi mozemba ndi ana athu ndi anansi athu, ndipo ena mwa olumikiza mozembawo ndi apulambala anzanga. Mukaika zipangizozi, itanani mafumu ndi makomiti a m'madera muwaonetse chimene bokosilo limachita ndi amene likuwateteza. Munthu amene akudziwa kuti kabokosi ka pa mlatho ndi kamene kadzadzutse ana ake usiku salola kuti wina akagulitse kwa ogula zitsulo.

Pamalo pomwe paipi ya kwathu inaphulikira pakadali dzenje losakwiriridwa bwino, ndipo dzulo podutsa ndinaona kuti mamita ochepa kutsogolo kwake dothi layambanso kuda ndi chinyontho. Ndaimba kale foni. Ndiziwerenga masiku, ndipo ndidzakuuzani pomwe pano kuti akwana angati.

Ine wanu mwaulemu,
Pulambala wolipira mabilu ake